Mutu 6: Mkaka Wogona M'bere

1. Pamphambano

"Ukakafika kumeneko, manja ako ukawapinde," anatero agogo aNambewe. "Chilichonse chimene akamuike mwanayu, kaya m'mphuno, kaya pamkono, si chako. Usakachigwire. Ukundimva iwe Triza?"

"Ndamva, agogo."

Anayankha maso ali kumsewu. Unali m'mawa wa mwezi wa Juni, mphepo ikudula makutu, ndipo awiriwo anaima pamphambano ya njira ya ku Nsaru kudikira njinga yamoto ya kabaza. Kumsana kwa Triza kunali Andrea, mwana wake wa miyezi isanu ndi iwiri. Mwanayo anali atatha masiku atatu akutsokomola. M'mawa umenewo mlangizi wa zaumoyo anamuvula malaya n'kuona nthiti zikulowa mkati pakupuma kulikonse. Anati ndi chibayo, athamange naye kuchipatala.

Triza anali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri. Sukulu anaisiyira mu Folomu 2 chifukwa cha mimba ya Andrea yemweyo. Kenneth, bambo wa mwanayo, anapita kukagwira ntchito ku esiteti ya fodya ku Kasungu, ndipo chipitireni sanatumize ngakhale moni. Mayi ake a Triza anamwalira iye ali wamng'ono. Pakhomo anatsala awiri okha, iye ndi agogo akewo, koma agogo anali ndi miyendo yotupa, yosati n'kukwera nayo njinga.

Agogo aNambewe anali munthu wamantha. Ankaopa mphenzi ngakhale m'chilimwe. Choncho machenjezo awo ankabwera ngati nyerere, lina pambuyo pa linzake.

"Usakadye chakudya cha munthu wosamudziwa. Usakabwereketse chitenje chako. Thewera la mwana usakayanike pamene suliona. Wanjingayo akayamba kuthamanga, umutsine."

"Agogo, zonsezi munanena kale kunyumba."

"Ndinena mpaka zilowe. Koma izi zimve bwino, chifukwa zinazo mwina ndi mantha anga chabe. Ine ndinali ndi mwana wamwamuna, Wilson, amene akanakhala malume ako. Chaka chimene anthu ankasankha pakati pa nyali ndi tambala, anadwala matenda omwewa. Kuchipatala anamuika kachubu ka mpweya m'mphuno. Amayi a m'wodimo anandizinga, amvekere mpweya umenewo umamaliza ana, onse amene aikidwa satuluka amoyo. Ine wosaphunzira ndinamvera. Ndinachotsa kachubuko, ndinabereka mwana wanga, n'kutulukira kumbuyo kwa mpanda. Ananditsirizikira kumsana ndisanawoloke dambo. Mpaka lero sindidziwa ngati akanachira. Nchifukwa chake ndikuti ukaona chokudabwitsa, funsa eni ake a yunifolomu. Akakukalipira, funsanso. Kukalipiridwa sikutupitsa. Iwe unalawako sukulu, ndipo ndicho chikundiopsa. Ndidziwa-kale anamanga nyumba yopanda khomo."

Nkhani ya Wilson Triza anali ataimva kambirimbiri, moti ankadziwa ngakhale malo amene agogo amapumira poifotokoza. Njinga itafika, anakwera msanga. Agogo anatsala pamphambanopo atatsamira ndodo, pakamwa pakuyendabe, koma mphepo inatenga mawu awo.

2. Envulopu

Kuchipatala sanaime pamzere. Namwino wina atangoona kapumidwe ka Andrea, anamulanda kumsana n'kuthamanga naye ku wodi ya ana. Anamubaya jekeseni, namuika mpweya, namupana kachipangizo kowala kuchala chakumwendo.

Kenako kunabwera mayi wina wamtali, wa mawu otsika. Anati dzina lake ndi Sista Lydia, namwino wa kafukufuku. Anaika dzanja pamimba pa mwanayo, maso ali pawotchi ya pakhoma, milomo ikugwedera powerenga kapumidwe kake. Mphindi itatha anati, "Kaseventi. Akuthamanga kwambiri mnyamatayu."

Anakhala pambali pa Triza n'kumufotokozera modekha.

"Amayi a Andrea, pano tikuchita kafukufuku wa ana amene chibayo chawabanika. Pali njira ziwiri zowathandizira kupuma. Ina ndi mpweya wa okosijeni wanthawi zonse, umene ali nawo panopawu. Ina ndi makina amene amakankha mpweya pang'ono kuti mapapo asafwape. Sitikudziwa kuti m'zipatala ngati chathu chino yoposa inzake ndi iti. Tikadadziwa, sitikadafufuza. Mukalola, titsegula envulopu, ndipo njira yolembedwa m'menemo ndiyo alandire. Sindisankha ine, simusankha inu. Mukakana, palibe mlandu, mwana athandizidwa ndithu."

Palibe amene anali atamutchulapo Triza kuti "amayi". Kumudzi anali "ka Triza kaja". Anawongola msana.

"Pali wamkulu amene mwabwera naye?"

"Ndili ndekha."

"Ndikuwerengereni pepalali?"

"Ndiwerenga ndekha."

Anawerenga masamba onse atatu, chala chikuyenda pansi pa mizere. Atabweretsa inki yodindira chala, iye anapempha cholembera. Anasaina dzina lake lonse mokhotetsa ngati mphunzitsi wamkulu.

M'envulopu munatuluka makina.

Anamumanga Andrea kachipewa, n'kumangirirapo timachubu tiwiri tolowa m'mphuno. Paipi ina inkachokera m'bokosi long'ung'udza. Ina inkathera m'botolo la madzi lomwe linali pafupi ndi mutu wa bedi. Madziwo ankabwata ngati ali pamoto, chonsecho anali ozizira.

"Botolo likamabwata, ndiye kuti mpweya ukumukankha bwino," anatero Sista Lydia. "Likangokhala chete, muitane. Chachiwiri ndi ichi, ndipo nchovuta. Musamuyamwitse."

Triza anawayang'ana ngati sanamve.

"Mwana akamapuma mothamanga chonchi, kupuma ndi kumeza zimalimbirana njira. Mkaka ukhoza kusochera n'kulowa m'mapapo. Muzifinyira mkaka m'kapu iyi, ife tiziudutsitsa m'kachubu kena kopita m'mimba. Njala samva."

"Mpaka liti?"

"Mpaka kupuma kutsike pansi pa fifite pamphindi imodzi, nthiti zisiye kulowa, ndipo kachipangizo ka kuchalako kationetse zabwino titachepetsa mpweya. Zikakwana zonsezi, tikuuzani ndife."

Ana inu, khutu la munthu wotopa lili ngati lichero lobooka. Pa zinthu zitatu zija, Triza anasungapo chimodzi chokha: fifite.

3. Bedi la pafupi ndi zenera

Bedi lawo linali kumapeto, pafupi ndi zenera loyang'ana kumunda wa chimanga chokololedwa kale. Nthawi yoona odwala ikakwana, wodi inkadzaza. Kunkabwera azilamu ndi apongozi, mabasiketi pamutu. Amayi a Mvano a mpingo wina anabwera kudzaimbira mwana wa mnzawo. Triza ankayang'ana kukhomo mpaka belu lotulutsa anthu lilire, ngakhale ankadziwa bwino kuti palibe angalowe kudzafuna iye. Kenako ankabwezera maso kubotolo.

Pabedi loyandikana nalo panali mayi wina wonenepa wa ku Kabudula, amene aliyense ankamutcha amake Bizwell. Mwana wawo anali atachira malungo, ankangodikira kutulutsidwa. Anali mayi wansangala, wobereka ana asanu ndi mmodzi, wosasowa chonena.

"Mtsikana iwe, chibwerereni sindinakuone ukutafuna. Kodi unabwera kudzasala kudya? Landira mbatata iyi."

"Zikomo, ndakhuta."

"Wakhuta chiyani, mphepo? Ukuopa kuti ndakuthirira? Taona ndilume kaye ine."

Analuma mbali imodzi n'kumupatsa yotsalayo. Triza anaidya yonse ndi makoko omwe. Anadikira kuti m'mimba mupote monga ankanenera agogo. Simunapote. Kuyambira pamenepo mawu a agogo anapepukirako, ndipo a amake Bizwell analemererako.

Kufinya mkaka kunali kowawa. Triza ankatembenukira kukhoma, n'kufinya mpaka misozi, koma m'kapu munkangogwa wochepa. Tsiku lachiwiri mawere analimba ngati maungu anthete. Andrea akamva fungo la mayi ake ankapotoza khosi, n'kuyasamula kakamwa kouma, kufunafuna. Akasowa, ankayamwa chibakera chake.

Amake Bizwell ankaonerera zonsezi akupukusa mutu.

"Lero ndi lachingati mwanayu asanagwire bere?"

"Lachiwiri."

"Mawa lachitatu. Kodi kwanu kulibe akuluakulu okuuza zinthu? Mkaka sugona m'bere, mwanawe. Ukagona masiku atatu umasasa ngati thobwa la dzana. Mwana akadzayamwa wotero amatsegula m'mimba osaleka. Ena amalikana bere mpaka kalekale. Ndiye ukabwerera kwanu ukazimupatsa chiyani, tiyi?"

"Koma ndikufinya."

"Timadontho timeneto? Wapamwamba ndiwo ukutuluka, wapansi ukutsalira. Anesiwa amadziwa za m'mabuku. Za bere timadziwa ndife, tinalera nalo."

Madzulo a tsikulo Triza anaimirira kuti akafunse. Anapeza Sista Lydia atawerama pa mwana wina amene ankakomoka, mayi ake akugubuduka pansi. Anaima pang'ono chapatali, akupotokola nsonga ya chitenje. Namwino wina podutsa anati, "Mayi, bwererani pabedi panu, mukutsekereza njira." Anabwerera. Funso lake anagona nalo.

4. Wotchi ya pakhoma

Tsiku lachitatu m'mawa Sista Lydia anawerenganso. "Fifite-seveni. Akubwera bwino mnyamata wathu. Tipirire pang'ono, mwina mawa."

Mawa. Triza anagwira pachifuwa pake. Panali potentha, ndipo ululu unkafika mpaka kukhwapa.

Chakumasana kunafika galimoto la matola litanyamula ana awiri odwalika. Anamwino onse anathamangira kuchipinda cholandirira odwala. M'wodi munatsala azimayi okhaokha, ambiri akuwodzera ndi kutentha kwa malata.

Andrea anali m'tulo. Triza anaika dzanja pamimba pake monga ankachitira Sista, maso pawotchi ya pakhoma. Anadikira kamuvi kofiira kafike pamwamba, n'kuyamba kuwerenga. Katazungulira kamodzi anali pa fote-eyiti. Anawerenganso kuti atsimikize. Fote-seveni.

Sanadziwe kuti mwana akagona tulo, kupuma kumatsika kokha. Malaya sanawakweze kuti aone nthiti. Kachipangizo ka kuchala sanakayang'ane n'komwe.

"Ukung'ung'udza chiyani pamenepo?" anafunsa amake Bizwell, akumanga katundu wawo.

"Anati kukatsika pansi pa fifite akhoza kuyamwa. Ndapeza fote-seveni."

"Wawerenga wekha?"

"Kawiri."

"Ndiye ukudikira chiyani? Si unapita kusukulu iwe, eti? Wotchi ndi yomweyo, manambala ndi omwewo. Kapena manambala a anesi ali ndi nyanga?"

Triza anaseka pang'ono, koyamba chibwerereni.

"Ndidikire abwere."

"Abwera dzuwa litapendeka. Lero ndi lachitatu, ndakuuza. Mulawitse pang'ono chabe, bere likumbukire ntchito yake. Ukatha ubwezeretse timachubuto. Ndani adziwe? Bwera ndikutchinge."

Mayiwo anatambasula chitenje chawo n'kuima pakati pa bedi ndi khomo. Triza anayang'ana khomolo. Anayang'ana mwana wake, milomo yosweka ija. Kenako anamasula kachingwe ka kuchipewa n'kusolola timachubu tiwiri tija.

Botolo linaleka kubwata. Kwa masiku atatu phokoso lake linali ngati mnzake, ndipo litatha, bedi lonse linakhala ngati lazizira.

Andrea anadzidzimuka. Atamva bere patsaya, analigwira ndi mphamvu zonse zimene anatsala nazo. Triza anatseka maso. Ululu uja unayamba kusungunuka, ndipo kwa kanthawi kochepa zonse zinali ngati kunyumba.

Koma bere lodzaza masiku atatu silidontha, limathira. Mkaka unatuluka mwamphamvu kuposa mmene kakhosi kotopa kakanamezera. Mwanayo anameza kawiri, kachitatu anafuna kupuma. Anatsamwa. Anatsokomola, mkaka n'kutulukira m'mphuno. Anatsokomolanso, koma ulendo uno mawu sanatuluke. Manja anatambasuka, maso anatong'oka, milomo n'kuyamba kuda ngati ya munthu wodya nthudza.

"Mumenye kumsana," anatero amake Bizwell. Chitenje chinali chitagwa pansi.

Triza anamumenya kumsana. Anayesa kubwezera timachubu, koma tinkangoterereka pa mkaka. Pamenepo anakuwa dzina la Sista Lydia, mawu amene anadzutsa wodi yonse.

5. Khomo la magalasi

Anabwera akuthamanga, Sista Lydia ndi adokotala. Palibe anafunsa kanthu. Anamugoneka Andrea chammbali, n'kulowetsa kapaipi kokoka zamadzimadzi kukhosi. Munkatuluka zoyera. Anamuphimba pamphuno ndi pakamwa ndi kachigoba kolumikiza ku chithumba cha mphira, adokotala n'kumachifinya, kuchisiya, kuchifinya. Triza anakankhidwira kukhoma. Azimayi a m'wodi anaimirira pamabedi awo, manja pakamwa.

Patapita nthawi, mwanayo analira kamawu kakang'ono ngati ka mwana wa mphaka. Adokotala anamvetsera pachifuwa mbali zonse ziwiri, nkhope yosamasuka.

"Mkaka walowa m'mapapo. Makina athuwa samukwaniranso. Akufunika aja opumira munthu, ndipo ali kuchipatala chachikulu mumzinda. Itanani ambulansi."

Sista Lydia anamutengera Triza pakona. Anali ndi fayilo ya kafukufuku m'manja.

"Amayi a Andrea, ndiyenera kulemba chimene chachitika, ndendende mmene chachitikira. Si kuti tikuimbeni mlandu. Madokotala a kumene mukupitako ayenera kudziwa. Ndiponso tikalemba zolakwika, tidzanamizira makina, ndipo ana ena adzalandira thandizo lolakwika chifukwa cha bodza lathu. Timachubu tinachoka tokha?"

Triza anacheukira kwa amake Bizwell. Mayiwo anali atakhala chofulatira, akupindanso zovala zopindapinda kale.

"Ndinachotsa ndine. Ndinamuyamwitsa."

"Chifukwa?"

"Ndinawerenga n'kupeza fote-seveni. Ndipo ndinkaopa kuti mkaka usasa. Lero ndi lachitatu."

Sista Lydia anatsitsa fayilo. Sanakalipe. Zikanakhala bwino akanakalipa.

"Mkaka susasa m'bere, mwana wanga. Ngakhale patapita sabata, umakhala wabwino. Zimenezi ndikanakuuzani tsiku loyamba lomwe, sindinaganize. Inunso mukanandikoka malaya."

Analemba mizere ingapo, n'kutseka fayilo.

Ambulansi inanyamuka dzuwa litapendeka. Namwino wina anakhala pafupi ndi Andrea akufinya chithumba chija njira yonse. Triza anakhala pakabenchi, atakumbatira kathumba ka matewera. Poto wake ndi bulangete zinatsala pansi pa bedi. Pazenera laling'ono ankaona mitengo ya ku Chitedze ikuthawira kumbuyo, kenako magolosale a pa Njewa, kenako nyumba zosanjikizana zimene anali asanazionepo. Mumzinda anali asanafikemo chibadwire. Kumudzi kunalibe amene ankadziwa kuti wadutsa.

Atafika, anthu ovala zobiriwira anamulandira Andrea pa kabedi ka matayala. Anathamanga naye m'makonde ataliatali, Triza akuwatsatira, patapata mmodzi ataduka. Anakwera masitepe. Anakhota kawiri. Kutsogolo kunali khomo la magalasi osaonekera mkati. Kabedi kanalowa. Iye atafuna kulowa, mlonda wamkazi anatambasula dzanja.

"Muno salowa makolo. Dikirani apo."

Panalibe benchi. Anakhala pansi pa simenti, msana kukhoma. Anthu ankadutsa osamuyang'ana, ena akulankhula Chingerezi, ena akuseka za kwawo. Kumsana kwake kunali kopepuka, ndipo kawiri konse anapezeka akudzigwedeza ngati akutonthoza mwana. Bulauzi inali itanyowa mpaka pamimba.

Magetsi a m'khonde atayaka, khomo lija linatseguka. Kunatuluka dokotala wachikulire, akuvula chophimba pakamwa. Anayang'ana uku ndi uku, kufuna munthu wamkulu. Atasowa, maso ake anatsikira pa mtsikana wokhala pansiyo.

"Kodi mayi a mwana wochokera ku Nsaru uja ndi inu?"

Triza anagwira khoma n'kuimirira.

"Ndine."

"Mwabwera ndi wachibale aliyense?"

"Ayi."

Dokotalayo anagwetsa nkhope. Kenako anatsegula chitseko cha kachipinda kena ka pambali, momwe munali mipando iwiri yokha.

"Lowani, mukhale pansi. Pali zoti tikambirane."